Agogo Ako Anatsakamira Pakati pa Dzenje

Wayatsa chimakina chakocho? Ndiye lemba. Ulembe momwe ndikuyankhuliramu, usakonze ayi, ine sukulu ndinangoiona denga popita kuchigayo. Ndipo usamandiyankhe kuti "ee mma", ine ndine agogo ako, si mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kunowa, pa siteji ya makombi.

Uyambe ndi agogo ako aamuna, amuna anga. Iwe sungawakumbuke, unawaona uli kakhanda, ukulira chifukwa choopa nkhuku. Anali munthu wabwino, wosamenya, mowa wapatalipatali, koma ntchito sankaimaliza. Chimbudzi anamanga chokongola, cha njerwa zootcha, anthu ankachita kuima pamsewu kuchiyang'ana. Chitseko ayi. Takalamba tikutsokomola m'katimo kuti obwera adziwe kuti muli munthu. Njinga anaimasula kuti aikonze, mpaka lero gudumu lina lili pa msomali. Ngakhale nkhani. Ankayamba kuti, "Amayi, mukudziwa," kenaka n'kuona mbuzi yalowa m'dimba, basi, nkhani yathera pomwepo. Ndakhala nawo moyo wanga wonse osadziwa chomwe ndimayenera kudziwacho.

Kuno ku Gaborone ndinabwera kudzalera kamlongo kako katangobadwa, poti amayi ako ndi nesi, amachoka kusanache. Ndinati mwana akalimba khosi ndibwerera kwathu ku Ntcheu. Kenaka kunabwera matenda aja otseka pakamwa ndi kansalu, malire anatsekedwa, mabasi anaima. M'menemo ndi m'mene abambo, agogo akowo, anadwala, sanagone nthawi yaitali, n'kutisiya.

Maliro a mwamuna wanga ndinaonera pa foni, pa tebulo lomwe waikapo zigongono zakoli. Amayi ako anaitsamiritsa foniyo ku botolo la mafuta ophikira. Kumudziko anagwira foni ndi mwana wa mlamu wanga, mlamu uja mchemwali wa abambo, wa mawu ngati wailesi. Ndinaona zonse. Ndinaona abusa, ndinaona amayi a mvano, ndinaona chakumbuyo mayi wina atavala chitenje changa chomwe ndinachisiya m'sutikesi, koma iyo ndi nkhani ina. Anyamata anagwira zingwe, bokosi linayamba kutsika. Linatsika, linatsika, lafika pakati, mbali ina ili m'dzenje, chivindikiro chikuonekabe, basi chithunzi chinauma. Kanthu kaja kanayamba kuzungulira pamwamba pa bokosi. Kuzungulira, kuzungulira. Amayi ako anaigwedeza foni, anaikwezera kudenga, anathamanga nayo mpaka pa geti opanda nsapato. Palibe. Netiweki inadzabwera anthu atabalalika kale, mlamu akungoti, "Zatheka, zayenda bwino."

Zatheka kwa iwowo. Kwa ine munthu anatsala pa zingwe.

Usaseke, lemba. Kapena seka, nanga si zoseketsa. Ndikamatsuka mbale, ndimawaona ali pomwepo, pakati. Ndikamasambitsa mwana, ali pomwepo. Ndinkawakalipira ndithu, ndikukolopa, kuti, "Inu abambo, ngakhale izi zomwe osamaliza?" Mapewa anayamba kundiwawa, onse awiri, ngati ndasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi. Amayi ako anandipaka mankhwala onunkha aja, anandijambulitsa kuchipatala, adokotala anati mafupa ali bwino, ndi ukalamba. Malire atatsegulidwa, amayi ako anati tiyeni mukaone manda. Ine ndinati mawondo. Chaka china ndinati basi ya ku Zambia imandisanzitsa. China ndinati mwana sanazolowere wantchito. Mlamu akaimba foni, ndinkangoti "Tili bwino, kaya kumeneko," n'kuwapatsira amayi ako msangamsanga ngati mbale yotentha. Ndikanafunsa bwanji? Munthu wamkulu, wa mvano, n'kufunsa kuti kodi malemu anafika pansi? Akanati mkazi uja anathawa mwamuna kukadya nyama ku Botswana, pano wapenga.

Ndiye tsiku lina kuno ku Block 6 anatseka msewu ndi tenti. Kunali maliro pa nyumba ya pakona ija, ya galu wosauwa. Kwathu maliro saitana, ukamva umangomanga mpango n'kupita. Ndinapita. Abotswana maliro awo ndi a m'mamawa, Loweruka, dzuwa lisanapse. Amuna onse majekete, akazi mpango kumutu ndi kansalu m'mapewa. Amakupatsa pepala la chithunzi cha malemu, labwino kudzikupizira. Basi yopita kumanda imangoima pa geti, sakufunsa kuti ndiwe ndani. Koma kulira kwawo, mwana iwe, amalira ngati akupepesa. Kamphuno fwii, basi. Ine ndinameza misozi yanga kuti ndisachititse manyazi dziko.

Kumandako ndi kumene ndinaona chodabwitsa. Zingwe palibe. Ali ndi kamakina ka zitsulo zonyezimira ndi malamba, munthu amangokhudza pena pake, bokosi n'kumatsika lokha, mwaulemu, ngati mkwatibwi akukhala pampando. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka kutsogolo, ndinasuzumira. Linafika pansi. Ndinaliona ndi maso angawa litakhala pa dothi. Mapewa anga anamasuka pomwepo. Ndinabwerera pa basi, ndinasamba m'manja pa geti, ndinadya seswaa, nyama yawo yosinja ija, mbale yodzaza, munthu woti sindimadziwa ngakhale kuti malemuyo anali wamtali kapena wamfupi.

Sabata imeneyo ndinali munthu. Koma pofika Lachinayi, ndikuyanika zovala, ndinangoona abambo akweranso, abwerera pakati pawo paja.

Basi inasanduka ntchito. Loweruka lililonse ndinkadzuka, n'kuwauza amayi ako kuti ndikukawongola miyendo, adokotala anati a BP aziyenda. Ankandiyamikira. "Amayi mwayamba kudzisamala." Ine ndikusaka matenti. Ndinayenda Block 6 yonse, ndinayamba kukwera kombi kupita kwina. Ndinaphunzira kusiyanitsa: tenti ikakhala ndi mabaluni, pitirira. Ndinaphunzira movutikatu, tsiku lina ndinalowa pa chinkhoswe cha eni ake nkhope ili ya maliro, ndinagwira chanza mtsikana wovala bwino uja n'kumupepesa. Nyama yokha ndinadya.

Tsono lemba bwino apa, ndi pamene zinaphulika. Maliro a ku Block 3, a bambo wina wolemera, magalimoto mpaka kuseri kwa mashopu. Ine monga mwa nthawi zonse ndafika kutsogolo, pafupi ndi namfedwa, mayi wonenepa bwino, atamufunditsa bulangete. Munthu wa makina anakhudza pake paja. Bokosi linatsika, linatsika, lafika pakati, kamakina kanati kwee, n'kuima. Lamba wina anapindika. Bokosi linangoti njo, pakati penipeni, chivindikiro chikuonekabe.

Mwana iwe, sindinaganize. Pakamwa panatseguka pokha. Ndinalira cha kwathu, chija chogwira kumutu, chomveka kutsidya kwa mtsinje. "Mwamuna wanga ine! Mayo ine! Tsitsani mwamuna wanga! Mwamusiyiranji m'malere mwamuna wanga!" Ndinagwada, ndinakwawa, ndinakagwira lamba uja n'kumakoka. Kwathu izi si zachilendo, pa maliro aliyense amalira akufa ake, palibe amakufunsa. Koma kuno nyimbo inaduka. Namfedwa anavula magalasi akuda n'kufunsa kuti, "Ke mang?" kutanthauza kuti ameneyu ndani. Ndipo mwatsoka panali mlonda wina wa ku Dedza, wantchito wa malemuyo, munthu wofuna kuthandiza. Anamasulira zonse, mawu ndi mawu, mokweza.

Namfedwa sanakomoke. Anangoti malemuyo ankapitapita ku Malawi pa bizinesi, tsopano wamvetsa bizinesi yake.

Makina anawakonza, koma ine sindinaone bokosi likufika pansi, anali atandinyamula kale amalume ake a malemu. Kunyumba anandilowetsa m'chipinda, anandikhazika pa matiresi, anandifunditsa bulangete langa langa. Anandipatsa tiyi wa mkaka. Ulemu wokhawokha. Amalume atatsamira ndodo anayamba kufunsa, mlonda uja akumasulira. Munakhala naye nthawi yaitali? Ine ndimaganiza akufunsa za abambo, ndinati kuyambira ndili mtsikana. Ana alipo? Ndinawaonetsa zala. Amalume wina anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. Anakumangirani nyumba? Ndinati nyumba anamanga, koma chimbudzi chilibe chitseko. Apa onse anagwedeza mitu, ati eya, ndi yemweyo, khalidwe lake.

Amayi ako anawaimbira foni ali kuntchito, anafika ndi yunifolomu. Atangolowa, azakhali ena a malemu anaimirira, anawagwira chibwano, anawatembenuzira kuwindo, n'kuyamba kulira. Ati mphuno ndi yomweyo.

Amayi ako anayendetsa galimoto mpaka pa maloboti. Kenaka anati, "Amayi, mwakhala mukuyenda m'maliro a eni ake?"

Ndinati, "Ndimawongola miyendo, kungoti kumene ndimawongolerako kumakhala maliro."

"Anthu aja amafuna kukulembani pa chuma cha masiye, mukudziwa?"

"Ndinakana ine?"

"Amayi!" Anaimika galimoto pambali. "Musankhe. Mwina Loweruka lililonse ndizikhoma geti n'kutenga kiyi, mwina mupite ku therapy." Mawu amenewo ulembe wekha momwe amalembera eni ake, ine lilime limakana. Anati ndi kwa dokotala wa maganizo, wongokambirana naye. Ine ndinaganiza za geti yokhoma, abambo ali m'malere sabata ndi sabata popanda wowatsitsa. Ndinati ndipita.

Malo ake ndi ku CBD, pakati pa tauni, m'nyumba zija zazitali zamagalasi, kumene amangokumbakumba osamaliza. Abambo akanakukonda kumeneko. Pokwera tinalowa m'chikepe, sindinavute. Tinapeza mtsikana wa ku Zambia, wowonda, wa tsitsi lachibadwa, amayi ako anamusankha dala kuti tizimvana. Amayi ako anatsala panja. Ine ndinayang'ana m'chipindamo. Jakisoni palibe. Sikelo palibe. Ngakhale m'bulu umodzi wa mutu. Mipando iwiri, duwa la m'chitini, ndi kabokosi ka mapepala opukutira misozi.

"Nkalani apa amai," anatero m'Chinyanja chawo chija chodula michira. "Ine nilibe mankwala. Tizakamba chabe."

Ndinakhala, ndinadikira kuti ayambe. Kwathu mlangizi ndi amene amayankhula, iwe umaweramitsa mutu. Uyu ayi. Anangopinda manja n'kumandiyang'ana. Ine chete, iye chete. Wotchi ikuyenda. Ndinamuyang'anitsitsa: mwana wa eni ake, kutali ndi kwawo, wowonda, m'chipinda yekhayekha pamwamba pa nyumba, mapepala a misozi ali pafupi, mawu sakutuluka. Ndinati ohoo, ndamvetsa. Mwana uyu waferedwa. Amayi ako anachita manyazi kundiuza, andibweretsa kuti ndidzamupepese, poti aona kuti za maliro ndimazitha.

Ndinasendeza mpando. Ndinati, "Pepa mwanawe. Zinachitika liti?"

Iye anati, "Niuzeniko imwe, zinachitika liti?"

Ndinati mumtima, wasokonezeka ndithu, mpaka akundifunsa ine.

Potuluka ndi pamene ndinakangana ndi chikepe. Chitseko chinatseguka, ndinaona bokosi lachitsulo, lotsika ndi zingwe, ine ndilowemo? Ndinakana. Amayi ako anatsika okha, ine ndinatsika masitepe, nyumba yonse ija, chammbali ngati nkhanu, ndikupuma pa kona iliyonse.

Ulendo wotsatira ndinapita wokonzeka. Ndinamutengera thobwa m'botolo ndi mbatata yophika. Anati salandira mphatso, ndinati si mphatso, ndi chakudya. Ndinamufunsa kwawo, anati chifukwa chiyani ndikufuna kudziwa. Ndinamufunsa ngati mwamuna alipo, anati ndikuganiza bwanji ineyo. Ndinati basi, ndi mwamuna amene wamwalira, n'chifukwa chake sakutha kumutchula. Tsono iwe sudziwa, unabadwira kuno. Kwathu ukapita kukapepesa, sumangoti pepani n'kunyamuka. Umakhala pansi n'kumuuza woferedwayo zako, zomwe zinakugwera iweyo, kuti adziwe kuti sali yekha. Ndiye ndinayamba kumuuza zanga, kuti alimbe mtima.

Ndinamuuza za chimbudzi. Anaseka pang'ono, ndinati eya, wayamba kuchira. Ndinamuuza za njinga. Sabata ina ndinamuuza momwe abambo anandifunsirira, pa chigayo, anati "Chemwali, ine ndimati," chigayo n'kulira, mawu otsalawo sindinawamve, ndinangovomera. Sabata ina ndinamuuza za mwana wanga woyamba amene sanakule, nkhani yoti ngakhale amayi ako saidziwa bwino. Iye ankangoti "mmm", nthawi zina "Munamvela bwanji?" Ine ndinkayankha zonse moleza, munthu wodwala sumamukalipira. Loweruka amayi ako geti ankakhomabe ngakhale ndinavomera za dokotala, mapewa akuwawa, koma ndinkati ndilimbe, mwana uja akundidalira.

Ndinadzazindikira tsiku lomwe mapepala anatha. Ndinatambasula dzanja, kabokosi kali mbee. Iye anadzuka kukatenga kena m'kabati. Ndinayang'ana m'manja mwake, mouma. Ndinayang'ana pa chitenje changa, mapepala onyowa ali mulu. Ndinati, "Iwe, kodi amamaliza mapepalawa ndani?"

Anati, "Muganiza ni ndani?"

"Iweyo sunaferedwe?"

"Ine nili che bwino amai."

"Ndiye thobwa langa lonse lija?"

"Inali yabwino maningi."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinamanga mpango kuti ndizipita. Koma ndinaganiza masitepe aja, ndinati ndipume kaye. Ndili chikhalire, anandifunsa funso lomwe palibe anandifunsapo. Anthu onse ankafunsa kuti mukupeza bwanji, mukudya, mukupemphera. Uyu anati, "Manje mukaganiza za amuna anu, muwaona ali kuti?"

Ndinati, "Pakati."

"Pakati pa chani?"

Ndinamuuza. Botolo la mafuta, kanthu kozungulira, matenti, Block 3, zonse. Ndinkadikira kuti aseke, kapena atsegule Baibulo, kapena anene kuti limbani mtima amayi, anapuma amenewo. Sanatero. Anafunsa ngati nkhani ya nzeru, ngati tikukambirana za denga lodontha. Anati, "Nanga ntambo, agwila ndani?"

Ndinati zingwezo agwira anyamata a kumudzi. Kenaka ndinatseka maso kuti ndiwaone bwino anyamatawo. Panalibe mnyamata. Anthu onse anapita kalekale, abusa anapita, wa chitenje changa uja anapita. Ndinati, "Ndagwira ndine."

Iye anangoyang'ana mapewa angawa. Mtsikana ameneyu chete wake ndi wamwano kwambiri.

Za kuimbira foni mlamu sanandikakamize. Anangofunsa kuti alipo amene anaona zomwe zinachitika foni itauma. Ndinati alipo, koma pakamwa pake ndi pa msika. Anati chimene ndikuopa kumva n'chiyani. Ndinati andiuza kuti ndinathawa, kuti mkazi weniweni amakhala pamutu pa bokosi. Anati mwina adzaterodi, nanga akatero ndidzafa? Ndinati kufa ayi, koma ndidzamutukwana. Anati foni ndi yanga. Tinazungulira pamenepo masabata angapo, ine ndikubwera ndi zifukwa, mayunitsi, netiweki, nyengo yokolola. Tsiku lina zifukwa zinandithera. Ndinaika foni pa katebulo, ndinaitsamiritsa ku kabokosi ka mapepala, ndinaimba.

"Mlamu!" anakuwa, mpaka duwa lija linagwedera. "Muli moyo? Ife timati Abotswana anakusinjani m'nyama yawo ija!"

"Mlamu, ndikufuna ndifunse chinthu chamisala."

"Funsani, misala ndi ya pamtundu pathu, munakwatiwa nayo."

"Achimwene anu aja. Tsiku lija. Anafika pansi?"

Ndinamva tambala, ndinamva mwana akulira patali. Ndinati basi, akusankha mwala woti andigende nawo.

"Mlamu," anatero, mawu atatsika, koyamba chibadwire. "Tinakudikiranitu."

Ndinati mwati bwanji?

"Foni itazima, mwana uja anakuwa kuti azakhali achoka! Ine ndinati imani, musatsitse, mkazi wake sakuona. Anyamata anaima, bokosi lili pakati. Mwana anakwera pa chulu, palibe. Anakwera mumtengo, foni ili m'mwamba ngati akuyitana mvula. Abusa anabwereza nyimbo. Anaibwerezanso. Nyimbo za maliro zinawathera, anayamba za Khirisimasi."

"Mukunama mlamu."

"Ndiname ndili ndi imvi? Anyamata manja anayamba kunjenjemera, ankasinthana zingwe ngati pa mjigo. Wina anati agogowa akulemera chonchi, kapena gudumu lina lija analimeza. Anthu anaseka pamanda, mlamu, abusa omwe anabisa nkhope m'buku. Dzuwa linafika pamutu. Mwana mumtengo nyerere zinamulowa m'kabudula."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinagwada m'mphepete, ndinagogoda pa bokosi. Ndinati achimwene, akazi anu netiweki yawakaniza, si kufuna kwawo. Pitani. Kamodzi kokha pa moyo wanu, malizani chinthu. Basi anyamata anatsitsa. Anakhala pansi bwinobwino, kuti khu, osapendekeka ngakhale pang'ono. Dothi ndinaponya kawiri, lina langa, lina lanu. Ndinanena mokweza kuti ili ndi la mlamu."

Ndinati, "Bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuzeni bwanji, inu mukangomva mawu anga mumaponya foni ngati muli njoka? Ine ndimati mwandikwiyira chifukwa cha chitenje."

"Munali inu?"

"Chimandikhala kuposa inu."

Ndinafunsa za chitseko cha chimbudzi. Anati chikadalibe, akutsokomolabe.

Pamenepo ndi pamene ndinalira maliro a mwamuna wanga. Osati a eni ake, anga. Ndinatsika pampando, ndinakhala pansi pa kapeti, miyendo tambalale, ndinalira cha ku Ntcheu, mlamu akundilandira pa foni, iye uko ine kuno, mawu akukumana. A maofesi oyandikana anabwera kudzagogoda, amuna a mataye. Mtsikana uja anatsegula pang'ono, anawauza kuti zonse zili bwino, ntchito ikuyenda, n'kutseka. Anabwera kudzakhala pansi nane, ndi siketi yake yothina. Nthawi itakwana sanayang'ane wotchi. Chabwino, anayang'ana, koma mwaulemu.

Tsiku limenelo ndinali ndekha, amayi ako anali kuntchito. Ndinafika pa masitepe, ndinawayang'ana, ndinabwerera. Ndinaima pa chikepe. Chinatseguka, ndinalowa, ndinadina batani la pansi penipeni, poti manambala sindiwadziwa, ndinangoti lotsiriza ndi lomwelo. Chinatsika. Chinaima pakati, mtima unalumpha, koma anali mnyamata wa mafayilo akulowa, anati dumela mma, moni wawo uja, ndinati dumela, tsika nane. Iye anatulukira pena, ine ndinapitirira. Chinati khu. Chitseko chinatseguka: mdima, fungo la petulo, zipilala.

Panali mlonda pa kampando, akudya magwinya. Anandiyang'ana chitenje n'kuyankhula Chichewa. "Amayi, mwapitirira. Kuno ndi kosungira magalimoto, kunsi kwa nthaka."

Ndinati, "Ndikudziwa bambo. Ndimafuna ndione kuti pansi pamakhala bwanji."

"Ndiye mwapaona bwanji?"

"Pozizira bwino. Munthu angapume."

Anandigawira ligwinya limodzi, anandionetsa njira ya magalimoto yokwera kunja, ndinatulukira padzuwa ngati fuko. Ndili mu kombi ndinakweza dzanja kugwira chitsulo, ndinadabwa lakwera lokha mpaka m'mwamba.

Mapewa amawawabe kukazizira, usalembe kuti ndinasanduka mtsikana. Abambo ndimawaonabe, koma pano ali pa khonde, ndi sipanala, akuyang'ana gudumu. Geti ya Loweruka anasiya kukhoma. Maliro ndimapita a anthu owadziwa okha, ndipo ndimaima kumbuyo. Mayi uja wa ku Block 3 ndinakumana naye ku mashopu, anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kuphazi, n'kundigulira shuga. Sindikudziwa kuti anamufotokozera bwanji, ndinangoti ke a leboga, zikomo wawo uja. Kwa mtsikana wa ku Zambia ndimapitabe mwa apo ndi apo, ndi thobwa, poti ine sindinakhutirebe kuti ali bwino, munthu wowonda chonchija. Ndi iyeyo anati nkhaniyi ndiiuzeko wina wa m'nyumba muno, isamangokhala ku CBD. Ndinasankha iwe chifukwa uli ndi makina. Mvula ikatha ndikupita ku Ntcheu, ndamuuza kale kalipentala wa mpingo wathu kuti andiyezere chitseko. Kaya chikwera bwanji basi, ziona okha a kondakitala.

Amayi ako za mlamuzi sindinawauze. Ndimati nesi, amaona zotere tsiku ndi tsiku, ndi wolimba. Koma amene anathamanga ndi foni opanda nsapato anali ndani? Usatembenuke. Aima pakhomopo ndi simbi m'manja kuyambira pa nyimbo za Khirisimasi paja, akuganiza kuti sindikuwaona. Siya kulemba. Uwachotsere simbiyo asanaotche nayo chitseko, uwapatse mpando wakowo, ubweretse mapepala aja a kubafa, mpukutu wonse. Ndipo iwe ukhale chete, usati "sorry mama", usati kanthu. Tingowayang'ana. Ayamba okha.